Momwe tinasankhira malo a mjigo

Komiti yathu inakangana masabata atatu posankha pokumba mjigo. Malo analipo atatu, koma zoganizira zinali zambiri: mtunda, kuyandikana ndi zimbudzi, chitetezo cha amayi potunga mbandakucha, komanso ngati pansipo pali madzi. Zambiri sizikanayezeka ndi manambala. Anthu ankangoti "pabwinoko" kapena "pokayikitsa".

Ndinabwera ndi nyemba m'kambale. Aliyense analandira 10 kuti agawe pa mfundozo malinga ndi kufunika kwake. Amayi anaunjika zawo pa chitetezo, nkhani yomwe abambofe tinkaipeputsa, ndipo zinandikhudza kwambiri. Pa zokayikitsa, monga madzi apansi, tinawerengera kawiri: zitayenda bwino, komanso zitavuta. Malo apafupi ndi mkuyu anapambana maulendo onse awiri, amfumu n'kuvomereza tsiku lomwelo.