Phando lililonse m'munda likhale ndi keyala yake

Mwezi wathawu ndinayendera munda wa nthochi cha ku Lusangazi, kunja pang'ono kwa Mzuzu. Phando limodzi linali litagwidwa ndi chisaka: masamba aang'onoang'ono, oimirira, othithikana kunsonga ngati tsache. Ndinawauza mayi eni mundawo kuti phando lonselo lizulidwe ndi mizu yomwe, nsabwe zisanatengere matendawo ku nthochi zina. Madzulo ake mayiwo anatuma mnyamata wawo. "Ukazule ija ili pakatikati, kufupi ndi chulu." Mnyamatayo anakazuladi, koma anazula yabwinobwino, imene inali itangotulutsa mkoko. Yodwalayo inatsala chiimire. Zinandipweteka mtima kwambiri, chifukwa nthochi ya mkoko ndi ndalama ya sopo ndi mchere pakhomo.

Mnyamatayo sanalakwe. Pafupi ndi chulu panali mapando anayi, ndipo "pakatikati" si malo amene anthu awiri angawaone mofanana. Ndiye lero ndikufuna tikambirane njira yopatsira phando lililonse manambala awiri, kuti aliyense wotumidwa azikafika pamalo enieniwo, kaya ndi m'munda wa nthochi, wa khofi kapena wa makademiya.

Njirayi ndi yomwe ana athu amaphunzira pa masamu kusekondale akamajambula magirafu. Inafala kuchokera m'zolemba za katswiri wa ku France, René Descartes, za m'chaka cha 1637, n'chifukwa chake m'mabuku a kusukulu imatchedwa Cartesian plane. Musaope dzinalo ayi. Zofunika ndi chikhomo, chingwe, tepi yoyezera, kope ndi pensulo basi.

Yambani ndi poyambira. Khomani chikhomo pa phando lapangodya ya munda, makamaka ngodya imene mumafikira mukachoka kunyumba. Chikhomo chimenechi ndi ziro. Chikhale chachitsulo, kapena ikani mwala waukulu, chifukwa chamtengo chiswe sichichedwa kuchimaliza, ndipo poyambira pakangosuntha, manambala onse a m'munda asokonekera.

Kuchokera pa chikhomocho kokani zingwe ziwiri. Choyamba chipite kumanja kwanu mukaima moyang'ana mundawo. Umenewu ndi mzere wopingasa, kusukulu amati mzere wa x. Chachiwiri chilowe kutsogolo, m'kati mwa munda, ndipo ndiwo mzere wa y. Zingwe ziwirizi zikumane mowongoka ngati ngodya ya nyumba. Amisiri omanga ali ndi kayezedwe kake: yezani mamita 3 pa chingwe chimodzi, mamita 4 pa chinzake, ndipo kuchokera pa chizindikiro china kufika pa chinacho pakhale mamita 5 ndendende. Pakapitirira kapena kuperewera, sunthani chingwe chimodzi mpaka zitakwana.

Tsopano kuwerenga kwake, ndipo apa m'pamene ndikupempha kuti mumvetsere bwino. Keyala ya phando imalembedwa ndi manambala awiri m'mabulaketi, monga (4, 2). Nambala yoyamba imakuuzani mapando oti muyende kumanja, motsatira mzere wopingasa. Yachiwiri imakuuzani mizere yoti mulowe m'kati. Choncho (4, 2) akutanthauza kuti muchoke pa chikhomo, muyende mapando anayi kumanja, mukatero mutembenuke n'kulowa mizere iwiri. Ngati munabzala motalikirana mamita 3 mbali zonse, ndiye kuti mwayenda mamita 12 kumanja ndi mamita 6 kutsogolo.

Yesani kusinthanitsa manambalawo muone. (2, 4) ndi mapando awiri kumanja, mizere inayi kutsogolo. Ndi nthochi ina kotheratu, yotalikirana ndi yoyamba ija mamita opitirira 8. Kupingasa kaye, kulowa pambuyo. Nthawi zonse. Pabanja mugwirizane chimodzi chimenechi, ndi waganyu yemwe mumuuze, apo ayi kope lanu lizinena zina, khasu likuchita zina.

Cholakwika chachiwiri chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kuwerenga phando lapachikhomo ngati loyamba. Anthufe tinazolowera kuti powerenga timayamba ndi "wani", koma pano tikuwerenga kuyenda, ndipo munthu woima pa chikhomo sanayende konse. Phando limenelo ndi (0, 0). Loyandikana nalo kumanja ndi (1, 0). Mapando onse amene ali pa chingwe chopingasa nambala yawo yachiwiri ndi ziro, monga (5, 0), pamene onse a pa chingwe cholowa m'munda nambala yawo yoyamba ndiyo ziro, monga (0, 3). Mwana wa Fomu 1 akasokoneza (5, 0) ndi (0, 5) pepala lili m'manja, mutengereni kumunda akayende ndi miyendo yake. Ndaona ana akumvetsa tsiku limodzi chinthu chimene chinawavuta teremu yonse.

Nanga munda ukakula? Tiyerekeze kuti chaka chamawa mwatsegula malo ena kumanzere kwa chikhomo. Musazule chikhomocho. Mapando a kumanzere alandire nambala yokhala ndi mayinasi: (-2, 3) ndi mapando awiri kumanzere, mizere itatu kutsogolo. Mukakulitsanso kumbuyo kwa chikhomo, nambala yachiwiri ndiyo itenge mayinasi, monga (4, -1). Phando la kumanzere komanso kumbuyo manambala onse awiri akhala ndi mayinasi. Zingwe ziwiri zija zagawa malo anu m'zigawo zinayi, ndipo mukangoona pamene pali mayinasi mwadziwa kale chigawo choti mulowere musananyamule phazi.

Kuno kwathu minda yambiri ili pamalo otsetsereka, ndipo mizere imatsatira akalozera, kotero imakhotakhota. Musasiye akalozera pofuna mizere yowongoka, nthaka ingakokoloke ndi mvula yathu yosakata msangayi. Pamalo otere manambala azingowerenga mapando ndi mizere, osati mamita, ndipo mzere uliwonse muziyamba kuwerenga kuchokera pa chingwe cholowa m'munda chija.

Zonsezi zilowe m'kope la timabokosi, lija ana amalembamo masamu. Jambulani mizere iwiri ija, lembani ziro pamene yakumana, ndipo pamphambano iliyonse ya timizere pakhale phando limodzi. Lodwala muliike mtanda, lobereka kwambiri mulizungulize, lofa mulidetse. Pakatha miyezi ingapo pepalalo limayamba kuyankhula lokha. Mukaona mitanda pa (6, 1), (6, 2) ndi (7, 2), mwadziwa kumene matenda akulowera, ndipo mapando oyandikana nawo muziwayendera sabata iliyonse. Mukandiimbira foni n'kunena kuti "Alangizi, pa (6, 3) masamba ayamba kufota," ine ndikabwera ndikafikira pomwepo, ngakhale inu mutapita kumsika.

Chenjezo limodzi kwa amene muli ndi mafoni a GPS, aja amasonyeza malo amene munthu waima. Nawonso amapereka manambala awiri, ndipo mu Mzuzu muno mudzaona oyandikira -11.4 ndi 34.0, kusonyeza kuti tili madigiri 11 ndi pang'ono kummwera kwa Equator (mzere wogawa dziko lapansi pakati) ndi madigiri 34 kummawa kwa mzere wodutsa ku Greenwich, ku England. Koma foni imayamba ndi nambala ya kumpoto kapena kummwera, yopingasa n'kubwera pambuyo, mosiyana ndi m'kope lanu. Komanso foni imatha kuphonya ndi mamita angapo, zokwanira kukulozerani phando loyandikana nalo. Igwiritseni ntchito polemba pamene pali chikhomo cha ziro, kuti chikadzazulidwa mudziwe poyambira kuchifunafuna, koma mapandowo muziwerenga ndi chingwe ndi miyendo.

Ku Lusangazi kuja, cholakwikacho chitadziwika, tinakhoma chitsulo tsiku lomwelo, mnyamata uja ndi amene anagwira tepi. Phando lachisaka linapezeka kuti ndi (5, 3), ndipo analizula mmawa mwake. Kope mayi aja amalisunga m'jumbo chifukwa cha mvula, n'kulikoloweka kuseri kwa chitseko.