Momwe mungachepetsere thupi popanda mankhwala: yambirani pa mbale yanu

Mafuta a m'thupi amachepa pamene chakudya chomwe mukudya chikupereka mphamvu zochepa kuposa zimene thupi likugwiritsa ntchito, tsiku ndi tsiku, kwa miyezi ingapo. Tiyi wochepetsa thupi amene amatsatsidwa pa Facebook, lamba womanga pamimba kapena madzi a mandimu a m'mamawa sizisungunula mafuta. Kwa ambiri a ife, mphamvu zopitirira muyezo zimalowera pa zinthu zitatu: shuga wa m'zakumwa, mitanda ya nsima ndi mafuta okazingira. Ntchito yaikulu ili pamenepo.

1. Yezani kaye musanasinthe chilichonse

Kwerani pa sikelo m'mawa musanadye, mutataya madzi. Lembani makilogalamu anu ndi tsiku. Kenako bwerekani tepi ya telala, muyeze mimba pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya, osakoka mimba mkati. Mimba yanu isapitirire theka la msinkhu wanu: munthu wotalika masentimita 160 akhale ndi mimba yosafika masentimita 80. Muyezo umenewu ndi wofunika kuposa sikelo, chifukwa mafuta a m'mimba ndi amene amayendera limodzi ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Achipatala amagwiritsanso ntchito BMI, muyezo woyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Chulukitsani msinkhu wanu m'mamita ndi nambala yomweyo, kenako mugawe makilogalamu anu ndi yankholo. Mayi wolemera makilogalamu 82, wotalika mamita 1.62, BMI yake ndi 31. Kuyambira 25 thupi lapitirira muyezo, kuyambira 30 ndi kunenepa kwambiri.

Musadziikire cholinga chobwerera pa thupi la ku sekondale. Kutsika ndi 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwanu kumayamba kale kutsitsa BP ndi shuga. Kwa mayi uja, amenewo ndi makilogalamu 4 mpaka 8. Liwiro labwino ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Yezani kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, sikelo yomweyo.

2. Chotsani shuga wa m'kapu

Yambirani pano chifukwa zakumwa sizikhutitsa, ndiye mukazichotsa simumva njala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire pafupifupi masupuni a tiyi 12 a shuga pa tsiku, ndipo 6 ndiye zabwino koposa. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi masupuni pafupifupi 8. Wothira masupuni atatu mu tiyi kawiri pa tsiku amamaliza magalamu oposa 700 a shuga pa mwezi, pa tiyi pokha.

Chepetsani supuni imodzi sabata iliyonse mpaka mutsale ndi imodzi kapena musiyiretu. Lilime limazolowera pakapita nthawi. Fanta, Sobo, maheu a m'sitolo ndi juwisi wa m'mabokosi zisiyeni zikhale za pa chisangalalo. Thobwa wothira shuga ali m'gulu lomwelo, ngakhale ndi wa makolo. Uchi nawo ndi shuga, musaulowetse m'malo mwake poganiza kuti mwapulumuka. Mowa umanenepetsa pawiri: uli ndi mphamvu zambiri pawokha, komanso umaitana kanyenya ndi tchipisi usiku. Chibuku ndi masese zili ngati kumwa phala pamwamba pa chakudya chamadzulo.

3. Sinthani kagawidwe ka mbale, nsima musaisiye

Amene amasiyiratu nsima nthawi zambiri safika mwezi. Njala imawagwira masana, amagula mandasi, madzulo n'kudya kawiri. Chofunika ndi kusintha kukula kwa mtanda ndi zomwe zikuzungulira mtandawo.

Gawani mbale motere: theka likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale zomanga thupi, gawo lotsalalo likhale nsima, mpunga, mbatata kapena chinangwa. Nsimayo ikhale yaikulu ngati chibakera chanu. Ngati mumadya mitanda itatu, tsikirani pa iwiri kwa masabata awiri, kenako umodzi ndi theka, kenako umodzi. Pemphani ophika aomole mitanda yaing'ono, chifukwa mtanda ukafika pa mbale umatha basi. Ndipo dziwani kuti mbatata, chinangwa, mbatatesi, buledi ndi nthochi zophika zonse ndi zokhutitsa. Wodya nsima ya ndiwo za mbatatesi wadya chakudya cha gulu limodzi kawiri.

Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhalamobe, motero umakhalitsa m'mimba. Koma mphamvu zake sizisiyana kwenikweni ndi za ufa woyera. Mitanda itatu ya mgaiwa imanenepetsa ndithu.

Masamba ndi amene amadzaza malo omwe nsima yasiya. Nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, repu, chigwada, kholowa, therere, kabichi: phikani ochuluka kuposa momwe mumaphikira, ndipo yambani kudya amenewo musanateme nsima. Pabanja lomwe mbale imodzi ya masamba imagawidwa kwa anthu asanu, mpukutu wowonjezera wa pamsika umathandiza kuposa chilichonse chomwe mungagule ku famase. Nsinjiro ndi zabwino, koma mtedza uli ndi mafuta ambiri, choncho masamba otendera musawathirenso mafuta.

Zomanga thupi zisasowe pa chakudya chilichonse, chifukwa ndi zomwe zimaletsa njala komanso kuteteza minofu pamene mukutsika. Usipa, matemba, utaka, mazira, nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya n'zokwanira. Nkhuku chotsani khungu. Nyama ikhale yaikulu ngati chikhatho chanu, yochotsa mafuta.

M'mawa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Tiyi wa shuga ndi buledi woyera wopaka majarini zimatha m'mimba isanakwane 10 koloko, ndiye pamabwera mandasi. Phala la mgaiwa kapena la soya, mbatata yophika imodzi ndi dzira, kapena nyemba zotsala dzulo zimakufikitsani masana. Njala ikakupezani pakati, idyani gwafa, papaya, lalanje, nkhaka kapena mtedza wokwana dzanja limodzi. Nthawi ya mango samalani: awiri ndi okwanira, beseni si chakudya cha munthu mmodzi.

4. Yezani mafuta ndi supuni

Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori (muyezo wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 120. Wothira molunjika kuchokera m'botolo amatha masupuni anayi kapena asanu m'poto mmodzi osadziwa. Gwiritsani supuni: imodzi kapena awiri akwanira ndiwo za banja lonse. Nsomba iotcheni kapena muiphike ndi tomato ndi anyezi. Tchipisi cha pa chiwaya, zitumbuwa, masamusa ndi mandasi zimamwa mafuta ambiri, choncho zikhale za kamodzi pa sabata.

5. Yendani, kenako limbitsani minofu

WHO imalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yotulutsa thukuta pang'ono, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Yambani ndi mphindi 15 pa tsiku, muziwonjezera zisanu sabata iliyonse mpaka mufike 30 kapena 45, masiku asanu pa sabata. Liwiro loyenera ndi loti mukhoza kuyankhula koma simungathe kuimba. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, kabaza musiyeni pa mtunda waufupi. Kulima, kusinja, kutunga madzi ndi kupalasa njinga zimawerengedwa.

Pa minofu simukufunika jimu. Khalani pa mpando n'kuimirira osagwira kanthu ka 10 mpaka 12. Tsamirani khoma ndi manja, mupinde zigongono n'kudzikankha ka 10. Nyamulani zigubu ziwiri za malita 5 zodzaza madzi, muyende nazo masitepe 30. Bwerezani zonsezi katatu. Ngati maondo amapweteka, musathamange kapena kudumpha chingwe mpaka thupi litatsikako. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, siyani mupite kuchipatala.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimakhumudwitsa ambiri. Kuyenda mwachangu mphindi 30 kumatentha makalori pafupifupi 150, omwe botolo limodzi la chakumwa cha shuga limabweza pafupifupi onse. Kuyenda kumalimbitsa mtima, kumatsitsa shuga, komanso kumathandiza kuti thupi lisabwerere, koma kutsika kwenikweni kumachokera pa mbale. Masewera a pamimba nawo amalimbitsa minofu ya pamimba, sachotsa mafuta a pamalo amenewo okha.

Zomwe zimasokoneza

Sabata yoyamba mukhoza kutsika makilogalamu awiri, kenako n'kuchedwa. Ambiri mwa makilogalamu oyambawo amakhala madzi, ndiye kuchedwako si kulephera. Amayi amalemerako pang'ono akamayandikira kusamba, ndipo chakudya cha mchere wambiri chimasunga madzi m'thupi. Sikelo ikaima masabata atatu, onani tepi. Ngati nayo yaima, lembani zonse zomwe mukudya kwa masiku atatu, kuphatikizapo zolawa pophika, zotsala za ana ndi za Loweruka ku ukwati. Kawirikawiri vuto limapezeka pamenepo.

Kugona maola osakwana 7 kumawonjezera njala, makamaka ya zotsekemera. Matiyi ambiri ochepetsa thupi amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimachoka ndi madzi ndi mchere wofunika m'thupi, mafuta amatsala.

Palinso pakamwa pa anthu. Kwathu kuno kunenepa kumaoneka ngati umboni woti munthu akusungidwa bwino, ndipo woonda amafunsidwa ngati akudwala. Auzeni a m'nyumba mwanu zomwe mukuchita ndi chifukwa chake, makamaka amene amaphika. Kwa achibale, landirani chakudya, tengani mtanda umodzi, muonjezere ndiwo zamasamba.

Amene ayambe aonana ndi achipatala

Ngati mukuonda osafuna, makamaka pamodzi ndi chifuwa, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, kayezetseni TB, HIV ndi shuga. Amayi oyembekezera asayese kuchepetsa thupi, ndipo oyamwitsa afunse kaye kusikelo. Amene amabaya insulin kapena kumwa mankhwala a matenda a shuga a glibenclamide asachepetse chakudya paokha, chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri mpaka kukomoka. Anthu ena amanenepa akayamba ma ARV okhala ndi dolutegravir kapena jakisoni wolera wa Depo. Mankhwala amenewa musawasiye. Tengani kabuku komwe mwalembamo makilogalamu ndi muyezo wa mimba, mukawaonetse achipatala pa tsiku lanu lokalandira mankhwala kuti muone limodzi chochita.