Kutolera ndi kusunga zotsala za chionetsero cha ku Bulawayo cha 1953

Chionetsero chotchedwa Central African Rhodes Centenary Exhibition chinayamba ku Bulawayo pa 30 Meyi 1953 n'kutha kumapeto kwa Ogasiti. Chinali chokumbukira zaka 100 chibadwire Cecil Rhodes, ndipo chinachitikira pamalo amene lero ndi Centenary Park. Mwambo wotsegulira unachitika mu Julaye, Queen Mother, mayi a Elizabeth II, atafika ndi mwana wawo Princess Margaret. Maiko ambiri anamanga nyumba zoonetseramo katundu wawo, Nyasaland inali ndi malo ake, ndipo kunabwera magulu oimba ndi azisudzo ochokera ku Britain monga Hallé Orchestra. Ine ndimatolera zotsala za chionetserochi chifukwa agogo anga aamuna ankagwira ntchito ya njanji ku Bulawayo nthawi imeneyo, monga ankachitira anthu ambiri akwathu amene anapita ku Southern Rhodesia kukasaka ndalama ya msonkho ndi njinga, ena n'kutchona komweko.

Musanagule kanthu kalikonse, dziwani kuti zotsalazi zili pawiri. Pali zimene anapanga eni chionetsero: masitampu, ndalama, mabuku otsogolera alendo, mapositikhadi, mabaji. Izi anazipanga zambirimbiri ndipo mudzazipezabe pa intaneti ngakhale zaka 20 zikubwerazi. Ndiye pali zimene zili m'masutukesi a m'nyumba mwathu, ku Ntcheu, ku Nkhata Bay, ku Makokoba kapena ku Sizinda m'tauni ya Bulawayo: chithunzi cha mnyamata atavala suti yobwereka, kalata yopita kumudzi, chiphaso cha ntchito. Izi n'zimene zikutha, ndipo anthu odziwa nkhope zili m'menemo akutha mofulumira kuposa mapepalawo. Amene anali ndi zaka 20 mu 1953 lero adutsa 90. Choncho yambani ndi kwa agogo, zogula zibwere pambuyo.

Popita kwa akuluakulu musafike ngati wofufuza milandu. Perekani moni, khalani pansi, chezani, nkhani ya zithunzi ibwere tiyi atamwedwa. Sutukesi ya womwalira ena saitsegula wamba, ndiye dziwani kaye amene ali ndi ulamuliro pa katunduyo, kaya ndi azakhali kaya ndi malume. Muuzenso anthu poyera kuti simutenga kanthu, mungojambula. Mabanja ambiri anabwereketsapo zithunzi kwa wachibale wa m'tauni osaziwonanso, choncho akamakayikira musadabwe.

Kafunsidwe kake nako n'kofunika. Mukati, “Agogo, apa si pa chionetsero cha ku Bulawayo?” adzakuvomerani chifukwa cha ulemu basi. Funsani kuti, “Agogo, pamenepa ndi pati? Awa aima kumanzerewa ndani? Kwawo kunali kuti?” kenako mukhale chete, muwasiye akumbukire okha. Tsegulani chojambulira mawu cha pa foni atakulolani. Zithunzi za nthawi imeneyo zambiri n'zazing'ono kwambiri, maso a nkhalamba sangazione bwino, ndiye jambulani n'kukulitsa nkhope imodziimodzi pa foni. Ngati pali akuluakulu awiri, afunseni payekhapayekha. Akasiyana mayankho lembani onse awiri, ndi dzina la amene wanena ndi tsiku limene wanena. Osasankha yankho limene lakukomerani.

Kuseri kwa chithunzi nthawi zambiri kumanena zambiri kuposa kumaso. Yang'anani chidindo cha situdiyo, tsiku, kapena mawu a inki amene mwini wake analembera mkazi wake kumudzi. Apa mpamene mungagwire zosokonekera ziwiri zimene ndimakumana nazo kawirikawiri. Choyamba, Queen Mother anabweranso ku Rhodesia ndi ku Nyasaland mu 1957 ndi mu 1960, ndiye chithunzi cha khamu likuwachingamira sichitanthauza kuti ndi 1953. Ulendo wa 1953 anali ndi Princess Margaret. Chachiwiri, kuyambira 1960 Bulawayo inayamba kuchititsa chionetsero cha zamalonda chaka ndi chaka, chimene lero ndi Zimbabwe International Trade Fair, ndipo m'banja anthu amangoti “ku show”. Chithunzi cha bambo ataima pafupi ndi thirakitala yatsopano chingakhale cha 1964. Onani magalimoto ali kumbuyo, zikwangwani, ndi msinkhu wa ana amene mukudziwa chaka chawo chobadwa.

Kujambula kwabwino n'kwa sikana. Ikani pa 600 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi pa sikana), ndipo tizithunzi tating'onoting'ono tija pa 1200. Sungani ngati fayilo ya mtundu wa TIFF makina akalola, apo ayi JPEG yosachepetsedwa. Chitani mbali zonse ziwiri, ndipo m'mphepete musadule, chifukwa kadulidwe ka pepala nako kamathandiza kudziwa zaka. Kumudzi kopanda sikana foni imakwana. Yalani chithunzi pa nsalu yakuda pakhonde pamene pali mthunzi, zimitsani fulashi, pukutani diso la kamera, imikani foni molunjika pamwamba osapendeketsa. Chithunzi chili m'felemu chingakhale chitamatirira ku galasi chifukwa cha chinyezi. Musachikoke, nkhope idzatsalira pagalasipo. Jambulani chili momwemo, mutaima chapambali pang'ono kuti musadzione nokha.

Mapulogalamu a masiku ano okongoletsa zithunzi zakale ndi kuzipaka mitundu ine sindiwakhulupirira. Amasalaza nkhope, amasintha maso ndi mano, mpaka munthu amatuluka wina. Ngati ana akufuna cha mitundu choika pa Facebook apangireni, koma fayilo yoyamba ikhale yosakhudzidwa, ndipo chokongoletsedwacho chilembedwe kuti n'chokongoletsedwa.

Pa kasungidwe adani ndi chinyezi, chiswe, mphemvu ndi manja athu omwe. Chachikulu: osachita lamineti. Ndikudziwa kuti pa shopu iliyonse ya fotokope adzakuuzani kuti ndiyo njira yotetezera, koma kutentha ndi guluu wake zimalowerera m'pepala ndipo sizichokanso. Selotepi nayo imasanduka yachikasu n'kusiya banga. Chotsani mapini, masitepulo ndi malabala, chifukwa dzimbiri limadya pepala ndipo labala akakalamba amasungunukira pomwepo. Polemba kuseri gwiritsani pensulo yofewa, ya 2B, m'mphepete, osakanikiza. Bolopeni imadinda mpaka kumaso. Chithunzi chilichonse chikhale m'kathumba kakekake ka pepala loyera, zonse m'bokosi lotsekeka bwino, pamwamba pa shelefu, kutali ndi khoma lakunja ndi denga la malata. Muikemo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo dzinja likatha tsegulani muone ngati mwalowa nkhungu.

Tsopano zogula. Choyamba chimene aliyense amapeza ndi sitampu. Nyasaland inatulutsa yake ya 6d, sikisipensi, ya mtundu wa pepo, pa 30 Meyi 1953, ndipo Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anatulutsanso zawo za 6d zojambulidwa mofanana, zokhala ndi zizindikiro za maiko atatuwa. Kukhala nazo zitatu zonse ndi poyambira pabwino ndipo sizidula. Wina akakutchulirani mtengo wa mbuzi pa sitampu imodzi yotere, mutsanzikeni mwaulemu. Mitengo yake ili m'kabukhu ka Stanley Gibbons, ndipo pa eBay yang'anani zimene zinagulidwa kale, osati mitengo imene ogulitsa akungolakalaka. Musaisokoneze ndi masitampu ena a chaka chomwecho okhala ndi nkhope ya Rhodes, amene ma Rhodesia awiri aja anatulutsa pokumbukira kubadwa kwake, kapena a kuvekedwa ufumu kwa Elizabeth II mu Juni.

Sitampu ikakhala pa envulopu isiyeni pomwepo. Tili ana tinkaviika maenvulopu m'madzi kuti timatule masitampu, koma envulopu yathunthu ndiyo ili ndi nkhani: chidindo cha positi ofesi, tsiku, dzina la mishoni kapena sitolo imene kalata za m'mudzi zinkafikira, ndi dzanja la wolemba. Kalata yochoka ku Bulawayo mu Julaye 1953 kupita ku Dedza kwa ine imaposa masitampu khumi osagwiritsidwa ntchito. Pogwira masitampu pezani kachitsulo kopanira kosalala kunsonga, chifukwa thukuta la zala limasiya zipsera zimene zimaoneka patapita zaka.

Chachiwiri ndi ndalama yachitsulo ya mashilingi asanu, crown, imene Southern Rhodesia inatulutsa mu 1953. Mbali ina kuli mutu wa Elizabeth II, mbali inayo kuli Rhodes pamwamba pa zishango zitatu, ndipo cha Nyasaland muchidziwa ndi kambuku woima pathanthwe. M'mphepete mwake munalembedwa mawu achingerezi pamodzi ndi zaka 1853 ndi 1953. Theka lake ndi siliva, ndipo imalemera magalamu 28 ndi pang'ono. Pogula tengani sikelo yaing'ono ndi maginito: ikakakamira ku maginito si yeniyeni. Ndipo chonde musaikweche. Phulusa, mandimu, Brasso, zonsezi zimaiwalitsa lero koma zimasiya timizere, ndipo wodziwa ndalama akangoona kuwala koteroko amatsitsa mtengo pomwepo. Kuda kwake kusiyeni.

Kambuku ali pa ndalamayo ndi pa sitampu ija amafunika kumuonetsa pamodzi ndi zimene zinkachitika kwawo. Chionetserochi chinali chokometsera chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa chaka chomwecho anthu akuda a ku Nyasaland akukana. Mu Meyi 1953, mwezi umene sitampu inatuluka, boma linachotsa pampando Inkosi Gomani ya ku Ntcheu chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma pokana chitaganyacho. Mu Ogasiti, alendo akuonerabe zisudzo ku Bulawayo, ku Thyolo kunabuka zipolowe ndipo anthu anaphedwa. M'buku langa losungiramo, tsamba la masitampu atatu aja layang'anizana ndi tsamba lofotokoza za Gomani ndi Thyolo. Ena otolera amati ndale zisalowe m'masitampu, koma amene anaika zishango zitatu pamodzi ndiwo anayamba ndale.

N'chimodzimodzi ndi mapositikhadi ndi zithunzi za malo amene ankawatcha African Village, kumene amisiri achikuda ankasema, kuumba ndi kuluka alendo akuonerera. Zithunzi za atsamunda kawirikawiri zimatchula mtundu wa munthu kapena ntchito yake, dzina ayi. Mukapeza chotere chisindikizeni chachikulu n'kuchionetsa kwa akuluakulu amene anakhalako ku Bulawayo, kutchalitchi kapena ku mabungwe a maliro a anthu akwathu kumeneko. Mwina palibe amene angazindikire nkhope, koma wina angakuuzeni kuti kasemedwe ka mpando kapena kalukidwe ka dengu n'ka dera lakuti, ndipo chimenecho n'choyenera kulembedwa.

Zoti muyerekeze nazo zilipo. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, ku Blantyre laibulale ya Society of Malawi ili ku Mandala House, ndipo ku Zimbabwe kuli National Archives ku Harare ndi Bulawayo Public Library. Pemphani nyuzipepala za Meyi mpaka Ogasiti 1953: Nyasaland Times, Chronicle ya ku Bulawayo, ndi Bantu Mirror imene inkalembera owerenga achikuda. Funsani malamulo awo a kujambula musanatulutse foni. Pa YouTube fufuzani mafilimu a nkhani a British Pathé a ulendo wa Queen Mother wa chaka chimenecho, muziimitsa kanemayo n'kuyerekeza nyumba ndi zipata ndi zimene zili kumbuyo kwa agogo anu.

Pogawana ndi abale pa WhatsApp tumizani ngati Document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba imachichepetsa, ndipo chikadutsa m'mafoni asanu nkhope zimakhala zitafufutika. Vuto lina n'loti mawu ofotokoza amatsalira m'mbuyo chithunzi chikamayenda. Ine ndimawonjezera kampata koyera pansi pa kope yogawa n'kulembapo maina kuyambira kumanzere, malo, chaka, ndi banja limene likusunga chenichenicho. Pamene chaka n'chongoganizira ndimalemba kuti “mwina 1953”, chifukwa chongoganizira chikazungulira pa Facebook mwezi umodzi chimabwerera kwa inu ngati umboni. Dzina la fayilo nalo lizinena kanthu, monga 1953_Bulawayo_agogo_ndi_anzawo_kumaso, linzake n'kuthera ndi kuseri.

Musanaike pagulu pemphani eni ake. Zithunzi za anthu otchona zimavumbula zinthu: mayi waima pambali pa agogo angakhale mkazi wachiwiri amene kumudzi sankamudziwa, kapena ankamudziwa koma sankamutchula. Nkhani yotere iyambe yakambidwa m'banja. Makalata nawo werengani kaye onse, ndipo keyala ya nyumba imene mukukhalabe anthu iphimbeni pa kope yogawa.

Mafayilo akhale malo atatu: pa kompyuta, pa fulashi imene ili m'nyumba ina, ndi pa intaneti monga Google Drive, m'bale mmodzi wodalirika akudziwa kalowedwe kake. Amene anakutsegulirani sutukesi muwabwezere zawo m'manja tsiku lomwelo, ndipo ulendo wotsatira muwatengere chithunzi chimodzi chosindikizidwa chachikulu, maina atalembedwa pansi ndi zilembo zoti angathe kuwerenga opanda magalasi.