Mmene mungasankhire malo a shopu yaikulu ya mafoni ndi makompyuta ku Kasungu

Shopu ya mafoni ikayamba kuchepa imadziwika msanga. Makatoni a masola ndi masipika amaunjikana pakhomo, wokonza mafoni amakhala pakauntala yomweyo yolandirira ndalama, ndipo makasitomala atatu akalowa wachinayi amadikira pakhonde. Zikafika apa eni mashopu ambiri amathamangira nyumba iliyonse yaikulu imene dobadoba wawauza, n'kulipira lendi ya miyezi isanu ndi umodzi asanadzifunse kuti wogula amene akumufunayo amadutsa kuti, ndipo amakhala ndi ndalama mwezi uti.

Yambani ndi funso limenelo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 58,000 m'tawuni ya Kasungu, pamene boma lonse linali ndi anthu oposa 840,000. Ndiye kuti ogula anu ambiri sagona m'tawuni. Amachokera ku Santhe, ku Chamama, ku Nkhamenya, ku Mtunthama, kwa Chulu. Amafika m'mawa pa minibasi kapena pa njinga yamoto ali ndi zochita zitatu kapena zinayi, kubanki, kogula feteleza, kuchipatala, kumsika, ndipo dzuwa likapendeka amakhala ali kale kudepoti. Munthu wotere alibe nthawi yofunsa njira ya kushopu yobisika. Amalowa imene waipeza panjira yake.

Malo amene anthu amawaganizira

M'mbali mwa msewu wa M1, pafupi ndi mabanki ndi mashopu a Airtel ndi TNM, ndiye malo oyamba kuwayang'ana ngati mukufuna kugulitsa mafoni odula, malaputopu ndi mapirinta. Munthu amene wangotapa ndalama safuna kuyenda nazo mtunda wautali m'thumba, ndipo amene wapita kukalembetsa simu kapena kukonzetsa Mpamba nthawi zambiri foni yake ili kale ndi vuto. Aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ogwira ntchito kukhonsolo amadutsa pamenepa kumapeto kwa mwezi. Lendi yake ndi yokwera, koma mukulipira mapazi a anthu amene ena anawasonkhanitsa kale. Ngakhale kampani ya Apple, potsegula sitolo yake yoyamba ku Ulaya mu 2004, inasankha Regent Street mu London, msewu umene anthu ankayendamo kale kukagula zinthu.

Kudepoti ndi kumsika anthu ndi ochuluka kuposa kwina kulikonse, ndipo ambiri amanamizika ndi chigulucho. Zimene zimayenda kumeneko ndi machaja, makava, mahedifoni, mamemore khadi, mafoni a mabatani ndi kukonza masikirini. Katundu wotere safuna nyumba yaikulu. Mavenda amagulitsa zomwezo pabenchi popanda lendi, ndipo mtengo wawo simungaupikisane nawo. Laputopu ya ndalama zambiri munthu sagula anthu akumukankha, kondakitala akukuwa pakhomo. Ngati shopu yanu yakale ili kumeneko, musaitseke. Isiyeni ikhale ya tizipangizo ting'onoting'ono ndi kulandira mafoni owonongeka.

Misewu ya kuseri, ndiponso nyumba za m'mbali mwa msewu wa M18 mukangotuluka pakati pa tawuni, zimakhala ndi malo aakulu pa lendi yotsika komanso poimika galimoto. Zimayenera munthu amene malonda ake akulu ndi masola, mabatire ndi mainveta, kapena amene amagulitsa kumasukulu, kumaesiteti ndi kumabungwe, chifukwa ogula amenewa amabwera atakonzekera, ena ndi galimoto. Kwa wogulitsa mafoni, kuseri n'kudzikwirira.

Ena amalakalaka Chinkhoma chifukwa cha okushoni ya fodya. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo n'kutha patapita miyezi yochepa, ndipo mlimi amalandira ndalama zake kudzera kubanki, osati pamanja pamsikapo. Kumeneko n'koyenera kontena kapena kachipinda ka nyengo, osati shopu yaikulu ya chaka chonse.

Werengani anthu musanakambe za mtengo

Mukasankha nyumba ziwiri kapena zitatu, tumani munthu ndi kope akaime pakhomo pa iliyonse. Awerenge kwa mphindi 15 nthawi ya 8 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 4 koloko madzulo. Achite zimenezi tsiku lina la pakati pa sabata, Loweruka, ndi tsiku lina la kumapeto kwa mwezi malipiro atatuluka. Awerenge okhawo amene akuyenda pansi mbali ya msewu imene kuli nyumbayo. Oyenda tsidya linalo musawawerengere: M1 ndi msewu wa malole ndi mabasi, ndipo anthu sawoloka chifukwa choti aona chikwangwani. Awerengenso padera amene akuima, kaya kudikira munthu, kugula mayunitsi kapena kutapa ndalama kwa ejenti. Anthu 40 oima ndi abwino kwa inu kuposa 200 othamangira basi.

Muonenso pamene a kabaza amaimika. Akakhala mamita ochepa chabe kuchokera pakhomo, amakubweretserani anthu ndipo dzina la shopu yanu limasanduka siteji. Akatseka khomo lenileni, amayi ndi achikulire amalambalala.

Nyumbayo payokha

Shopu yoti mukhale ndi poonetsera katundu, kachipinda ka wokonza mafoni ndi sitolo yosungiramo imafuna malo osachepera mamita 6 m'lifupi ndi 9 m'litali. Nyumba yotakata kutsogolo iposa yopapatiza yolowa mkati, chifukwa kutsogoloko ndi kumene kumagulitsa. Pakati pa kauntala ndi mashelefu pasiyidwe mpata wa mamita 1.2 kuti anthu awiri apatukirane, ndipo wolandira ndalama aziona khomo ndi mashelefu onse ali pampando wake. Mzati wapakati pa chipinda kapena ngodya yobisika ndi pamene pamasowera katundu.

Onani kumene khomo layang'ana. Khomo loyang'ana kumadzulo limalandira dzuwa lonse la masana, ndipo mu Okutobala kabati yagalasi imatentha moti foni simungaigwire bwino. Mabatire a lithiyamu a m'mafoni ndi m'mapawabanki amayamba kuwonongeka kutentha kukapitirira madigiri 35. Amafufuma, sikirini n'kutukuka, makatoni n'kusuluka mtundu, ndipo kasitomala amayesa katunduyo ndi wakale. Ngati nyumba yabwino yayang'ana kumadzulo, pakhale khonde lotuluka mamita awiri, kabati ikhale chamkati. Siling'i ndi yofunika pa chifukwa chomwecho, komanso imatchinga fumbi la chilimwe, limene limatseka mafani a malaputopu ndi timabowo tolowetsa chaja.

Nyumba mukaiona mu Julayi imaoneka yabwino iliyonse. Funsani oyandikana nayo kuti mvula ya mu Januwale madzi amadutsa pati. Pansi pa shopu pakhale pokwera masentimita 30 kuposa msewu, ndipo ngalande yakutsogolo ikhale yotseguka. Madontho achikasu pasiling'i ndi penti yotukuka m'munsi mwa khoma ndi umboni wa kudontha ndi chinyezi, ngakhale mwini nyumba alumbire.

Pa nkhani ya magetsi ndi pamene ambiri amalira atalowa kale. Shopu ikhale ndi mita yakeyake ya ESCOM. Mita yogawana ndi saluni, chigayo kapena wowotcherera zitsulo imabweretsa mikangano ya mayunitsi, ndipo makina awo akayaka magetsi amatsika n'kukweranso, machaja ndi rauta n'kupsa. Pitani ndi katswiri wa magetsi wovomerezeka akayeze masoketi. Pafunika mavoti oyandikira 230, waya wa efi wolumikizidwa bwino kuchitsulo chokhomedwa m'nthaka, ndi chotetezera ziphaliwali pabokosi lalikulu. Nyumba zambiri zakale zili ndi masoketi awiri okha. Shopu yotere imafuna khumi kapena kuposerapo, ndipo kulumikiza maekisitenshoni motsatizana ndi kumene kumayambitsa moto.

Werengerani mphamvu imene mudzagwiritse ntchito magetsi akathima. Mababu khumi a mawati 12 ndi mawati 120. Mafoni 20 oonetsera, lililonse mawati 10, ndi 200. Malaputopu awiri a mawati 65 ndi 130. Makamera ndi rauta tiwapatse 80. Zonse pamodzi ndi mawati 530. Mabatire awiri a mavoti 12 ndi 200Ah amasunga mphamvu yokwana 4.8kWh (ngati mawati 4,800 kwa ola limodzi), koma akakhala a asidi mumagwiritsa theka lokha kuti asafe msanga, ndiye kuti maola anayi ndi pang'ono. Makina otenthetsera a wokonza mafoni ndi pirinta ya leza amakoka mawati mazana angapo chilichonse, choncho inveta ikhale ya 3kVA kapena muwapatse mzere wawo. Zonsezi zikutanthauza kuti nyumbayo ikhale ndi kachipinda kopita mphepo kosungiramo mabatire, ndi denga lolimba lopanda mthunzi wa mitengo, mbali yoyang'ana kumpoto, poika mapanelo. Mwini nyumba avomereze zimenezi polemba, ndipo palembedwe kuti mapanelowo ndi anu, mudzachoka nawo.

Lowani mkati mwenimweni, tsekani chitseko, yesani netiweki ya Airtel ndi ya TNM: imbani, tumizani ndalama zochepa, tsegulani kanema. Makoma okhuthala ndi malata amadula netiweki, ndipo foni yatsopano ikakanika kulumikiza WhatsApp kasitomala ali pomwepo, amati foniyo ndi yabodza.

Akuba a mashopu a mafoni kawirikawiri salimbana ndi chitseko chakutsogolo. Amakanganula lata, amaboola khoma lakumbuyo, kapena amadutsa m'siling'i kuchokera kushopu yoyandikana. Kwerani muone ngati khoma logawa mashopu likufika kumalata. Likathera pasiling'i, limangidwe mpaka pamwamba, ndipo pamwamba pa sitolo payalidwe waya wazitsulo wowotcherera. Yendani kuseri kwa nyumba muone ngati kuli kanjira kamdima kapena tchire. Khoma la njerwa zomangira dothi limaboolekera usiku umodzi. Malo oyandikana ndi banki kapena filing'i siteshoni ali ndi ubwino wina apa: pamakhala kuwala ndi alonda usiku wonse. Ngakhale zili choncho, mafoni ndi malaputopu azigona m'sefa yokhomeredwa pansi, osati m'kabati yagalasi.

Mapepala

Pamisewu ikuluikulu ngati M1 malire a msewu ndi mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse, ndipo chimene chamangidwa mkati mwa malirewo chikhoza kugwetsedwa msewu ukamakuzidwa. Pitani kukhonsolo ya tawuni ya Kasungu mukafunse ngati nyumbayo ili ndi pulani yovomerezeka, ngati ploti yake ndi ya malonda, ndi ngati mwini wake alibe ngongole ya msonkho wa malo. Komweko mukafunse za laisensi ya bizinesi pamalo atsopano ndi chiphaso cha chikwangwani. A MRA nawonso adziwitsidwe kuti mwasamuka kapena mwatsegula nthambi.

Dobadoba angakuonetseni nyumba, koma ndalama perekani kwa mwini wake weniweni mutaona mapepala a umwini ndi chiphaso chake cha unzika. Nyumba zamasiye zimafuna kusamala kwambiri: mukagwirizana ndi mwana mmodzi, mawa abale ena amabwera ndi loko. Pangano likhale lolemba, la zaka zitatu kapena kuposa, ndipo linene kuti lendi ikwera liti, ndi ndalama zingati, chenjezo la kusamuka ndi la miyezi ingati, ndiponso kuti zimene mwawononga pokonza nyumba zichotsedwa bwanji pa lendi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amalonda opanda pangano lolemba analibe pogwira mwini nyumba akafuna kukweza lendi. Ngati nyumbayo ili ndi zipinda zingapo zamalonda, pemphani kuti palembedwe kuti chipinda choyandikana nacho sachita lendi wina wogulitsa mafoni.

Masamu a miyezi yowawa

Ndalama za ku Kasungu zimabwera ndi fodya, soya, mtedza ndi chimanga, kuyambira Epulo mpaka cha mu Ogasiti. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu amakhala atathira zonse mu feteleza, fizi ndi chakudya. Choncho lendi muiyeze ndi malonda a mu Febuluwale, osati a mu Juni.

Tiyerekeze kuti malo atsopano akuwonjezerani K900,000 pamwezi mukaphatikiza lendi, mlonda, magetsi ndi wantchito wina. Ngati pa K100 iliyonse yogulitsa mumapindula K15, muyenera kugulitsa katundu wowonjezera wa K6,000,000 pamwezi, pafupifupi K230,000 tsiku lililonse pa masiku 26, kuti mungobweza zowonjezerazo. Ikani manambala anu enieni m'malo mwa awa, kenaka yang'anani kope la munthu amene anawerenga anthu uja. Ngati chiwerengerocho sichikufikika m'miyezi ya njala, khalani ndi ndalama ya lendi ya miyezi inayi pambali, kapena tengani nyumba yocheperapo pamzere womwewo. Ndalama yokonzera nyumba isachoke pa mpamba wa katundu, chifukwa shopu yaikulu ya mashelefu opanda kanthu imathamangitsa ogula kuposa yaing'ono yodzaza.

Nthawi yabwino yotenga nyumba ndi Febuluwale, pamene mvula ikukuonetsani podontha ndipo eni nyumba amamva mukawapempha kuti atsitse. Konzani mu Malichi, tsegulani msika wa fodya usanayambe. Pashopu yakale pakhale chikwangwani cholozera kumalo atsopano, chotchula chinthu chodziwika chimene mwayandikana nacho, ndipo onse amene anasiya mafoni okonzetsa kapena ali ndi malisiti a galanti muwaimbire foni sabata imodzi musanasamutse katundu.