Momwe mungapangire piramidi ya thirayango ndi katoni yakale

Ana athu ambiri kuno ku Harare, makamaka amene akukonzekera mayeso a ZIMSEC, piramidi amangoiona pabolodi, pomwe mbali ina imabisika kuseri. N'chifukwa chake amasokonezeka. Mwana aigwire m'manja. Katoni yopyapyala, ngakhale yotola ku Mbare Musika, ikwana, pamodzi ndi rula, kampasi, sizasi ndi selotepi.

Jambulani mzere wa masentimita 20. Tsegulani kampasi mlingo womwewo, ikani singano kumapeto amodzi n'kujambula kauta, kenako chitani chimodzimodzi kumapeto enawo. Pamene mauta akumana ndi pa nsonga yachitatu. Lumikizani, dulani. Ikani kadontho pakati pa mbali iliyonse, pa masentimita 10, ndipo mukalumikiza timadontho titatuto mupeza mathirayango anayi ofanana. Pindirani m'mwamba atatu akunjawo mpaka nsonga zawo zikumane, mumate.

Tsopano mwana awerenge ndi chala: nkhope 4, nsonga 4, mizere ya m'mphepete 6. Nsonga kuphatikiza nkhope, kuchotsapo mizere, yankho ndi 2. Limeneli ndi lamulo la Leonhard Euler wa m'zaka za m'ma 1700. Mapiramidi a ku Giza ndi mtundu wina, pansi pake ndi sikweya, choncho ali ndi nkhope 5.

Area (kukula kwa malo) ya nkhope imodzi ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu. Tsinde ndi masentimita 10, msinkhu wochokera pakati pa tsinde kufika pansonga ndi pafupifupi 8.66: ½ × 10 × 8.66 = 43.3 cm². Nkhope zonse zinayi ndi 173.2 cm².

Pa volume (kukula kwa malo a m'kati) ndi pamene ana amataya malikisi, ndipo zimandipweteka chifukwa n'zopeweka. Msinkhu wa 8.66 uja ndi wopendeka, wotsata nkhope. Volume imafuna msinkhu woongoka, wochokera pansonga kutsika mpaka pansi. Imikani piramidi patebulo, mugwirizire buku pansonga pake mosapendeka, mwana ayeze kuchokera patebulo kufika pabukupo. Apeza pafupifupi 8.2, osati 8.7. Akadzionera yekha kusiyanaku sadzaiwalanso. Volume ndi area ya pansi kuchulukitsa ndi msinkhu woongoka, kugawa ndi 3. Ndiye 43.3 × 8.2 ÷ 3 ndi pafupifupi 118 cm³.

Akafunsa chifukwa chogawira ndi 3, musangoti ndi lamulo. Pangani kabokosi koongoka, pansi pake thirayango yomweyo, msinkhu wake 8.2. Dulani nkhope imodzi ya piramidi, muidzaze mchenga wouma kapena mpunga, mwana azikhuthulira m'kabokosimo. Kadzaza pa ulendo wachitatu.