Momwe mungatolere zokongoletsera zakale za Halloween ndi Thanksgiving osapusitsidwa

Ku America, masamba akayamba kuyoyoka pamabwera zikondwerero ziwiri: Halloween, usiku wovala zoopseza, pa 31 Okutobala, kenako Thanksgiving, tsiku lothokoza, Lachinayi la nambala 4 mu Novembala. Zokongoletsera za Khirisimasi anthu ankazisunga chaka ndi chaka, koma za Halloween zinali zamapepala, phwando likatha ankangozitaya. Zimene zidapulumuka n'zochepa, motero mtengo wake ndi wokwera ndipo akathyali achuluka.

Yambani ndi mtundu umodzi. Otsika mtengo ndi makandulo a kampani ya Gurley ya ku Buffalo, New York, oumbidwa ngati nkhukundembo, afiti ndi amphaka akuda, amene cha m'ma 1950 ankagulitsidwa masenti ochepa. Gulani okhawo osayatsidwapo, okhala ndi kakatoni kake kunsi. Mukazolowera, pitani ku zithunzi zodulidwa pa katoni za Beistle, kampani imene idayamba mu 1900 ku Pittsburgh ndipo ilipobe ku Shippensburg, kapena za Dennison ya ku Framingham, imene idatulutsa kabuku ka malangizo a phwando kotchedwa Bogie Book mu 1909. Nyali zooneka ngati dzungu la nkhope, zopangidwa ku Germany m'ma 1920 ndi 1930, muzisiye kaye. Imodzi yabwino imafika madola mazanamazana.

Ndalama zambiri zimatayika pa kuzindikira zaka za chinthu, ndiye apa musafulumire. Tembenuzani muwerenge kumbuyo. Kuyambira 1891 malamulo a America ankafuna kuti katundu wochokera kunja alembedwe dziko lake, choncho mawu akuti Germany ayenera kuoneka pa zambiri za ku Germany. Mukaona West Germany, chinthucho sichidapangidwe 1949 isanafike. Occupied Japan ndi cha pakati pa kutha kwa nkhondo yachiwiri ndi 1952. Adiresi yokhala ndi ZIP code (nambala ya dera la positi ku America) ndi ya 1963 kapena pambuyo pake, ndipo barcode (timizere towerengedwa ndi makina) idayamba kugwira ntchito m'sitolo mu 1974. Dzina la H. E. Luhrs lisakusokonezeni, ndi la Beistle yomweyo.

Chidindo chokha musachikhulupirire, chifukwa nachonso amachipanga. Tengani tochi ya UV (ya kuwala kwa ultraviolet) muunike pamdima. Mapepala ambiri opangidwa 1950 itadutsa adathiridwa mankhwala oyeretsa, ndipo amawala mobiriwira ngati thambo. Akale amangokhala zii. Komabe pepala losawala silitsimikizira ukale, limangopambana mayeso oyamba. Nunkhizani. Ena amanyika zatsopano mu tiyi kapena khofi kuti zide, ndipo fungo limawaulula. Onaninso pomwe chathera: chakale chimaperepeseka m'makona, pabowo lopachikira ndi pogwirira, osati mofanana ponseponse. Zithunzi za ku Germany zidasindikizidwa motukuza kwambiri, mukapapasa kumbuyo mumamva maenje. Cholembedwa Germany chikakhala chosalala ngati chochokera m'makina a fotokope, chibwezeni.

Pa nyali, vuto lili pa kapepala kopyapyala komatidwa mkati, kojambulidwa maso ndi mano. Kambiri kadapsa ndi kandulo kalekale, ndiye ogulitsa amamata katsopano osanena. Nyali yokhala ndi mwaye mkati koma kapepala koyera mbee, dziwani kuti kasinthidwa, ndipo mtengo utsike. Wogulitsa pa misika ya pa intaneti ya eBay kapena Etsy amene ali ndi nyali khumi zofanana, n'kumati adazipeza mu fakitale yakale, muthaweni. Yemwe akukana kutumiza chithunzi cha kumbuyo ndi cha mkati, chimodzimodzi. Beistle nayo imasindikizanso zithunzi zake zakale mwachilungamo, koma ena amazichotsa m'paketi n'kuzitcha zakale.

Gulani mu Januwale kapena Febuluwale, chikondwerero chitapita. Ngati mukuitanitsa kuchokera kunja, werengeranitu zotumizira ndi msonkho, ndipo makandulo asayende nyengo yotentha, amafika atapindika.

Potsuka musagwiritse madzi, amafufumitsa katoni n'kusungunula utoto. Kaburashi kofewa n'kokwanira. Selotepi ayi, imasiya banga lachikasu losachoka. Sungani zithunzi chogoneka pakati pa mapepala opanda asidi, kutali ndi dzuwa, chinyezi ndi chiswe. Mu nyali muziika kagetsi ka batire, osati moto.