Momwe mungazoloweretsere mutu wanu kutulukira nzeru zatsopano kuchokera ku zinthu za pakhomo

Kuno ku Kasungu palibe amene sanamvepo za William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala kufupi ndi Wimbe, amene mu 2002 anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala. Anagwiritsa ntchito njinga yakale ya bambo ake, dayinamo, fani ya thirakitala, mitengo ya bulugama ndiponso mapaipi apulasitiki amene anawang'amba, n'kuwatenthetsa pamoto mpaka atawongoka kukhala mapiko. Ambiri timakamba nkhaniyi ngati ya munthu wobadwa ndi mphatso yapadera, koma ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti pamene ena ankaona paipi, iye ankaona chinthu chopepuka, cholimba ndi chotha kuwongoka. Kaonedwe kotere munthu angathe kukaphunzira, ndipo njira zili m'munsizi mungazichite panokha, m'kalasi kapena pa gulu la achinyamata, popanda kugula chilichonse kupatula kope ndi cholembera.

Yambani ndi kuchivula chinthu dzina lake. Tengani chinthu chimodzi chokha, tinene chigubu cha malita 5 chomwe munathera mafuta ophikira, muchiike pakati, ndipo mugwirizane kuti mawu akuti chigubu asatchulidwenso. M'malo mwake aliyense anene chimene maso ndi manja akumuuza: n'chapulasitiki yolimba koma yodulika ndi mpeni, sichidontha, chili ndi chogwirira, kukamwa kwake n'kopapatiza, chikakhala chopanda kanthu chimayandama, ndipo ukachimenya chimalira. Gawo limeneli ndi limene anthu amafuna kulidumpha poliona ngati lachibwana, chonsecho ndi limene limatsegula zonse. Dzina limabwera ndi ntchito yake, ndipo ntchitoyo ikakhazikika m'mutu imatchinga zina. Katswiri wa ku Germany, Karl Duncker, anasonyeza zimenezi pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1945: anthu ankapatsidwa kandulo, machesi ndi kabokosi ka timisomali kuti akhomere kanduloyo kukhoma, ndipo ambiri ankalephera kuona kuti kabokosiko kangakhomedwe n'kukhala poikapo kandulo, chifukwa kwa iwo kanali kosungiramo timisomali basi. Amene anayamba kupanga mpondagiya wa chigubu, chosambira m'manja chija timachiona pafupi ndi zimbudzi m'midzi yathu, anaona chogwirira cholowetsapo mtengo ndi khoma lobooleka ndi msomali wamoto, osati chigubu cha mafuta.

Kenako pikisanani ndi nthawi. Ikani mphindi 5 pa foni, ndipo aliyense alembe ntchito zonse zimene chinthucho chingagwire, zanzeru ndi zooneka zopusa zomwe. Masewerawa anawakonza katswiri wa za maganizo, J. P. Guilford wa ku America, ndipo ankafunsa anthu ntchito zosiyanasiyana za zinthu wamba monga njerwa. Mukayesa ndi chubu chakale cha njinga mudzaona kuti mayankho oyamba ndi amene aliyense akuwadziwa kale, monga legeni ndi zomangira katundu pa kabaza. Musaime pamenepo. Zodziwikazo zikatha m'pamene mutu umayamba kufufuza, ndipo m'pamene wina amatchula zolumikizira chitseko cha khola la nkhuku m'malo mwa mahinjesi, wina zolukira pampando, wina chotsekera pamene paipi ikudontha kudimba.

Pali lamulo limodzi losayenera kuphwanyidwa, limene katswiri wa zotsatsa malonda wa ku America, Alex Osborn, analitsindika m'ma 1950 pophunzitsa magulu kusonkhanitsa maganizo: pa nthawi yotulutsa maganizo palibe kutsutsa, kuseka kapena kuweruza. Kwathu kuno lamuloli limafuna chothandizira, chifukwa ulemu umachititsa kuti mwana asayankhule akulu atayankhula kale, ndiponso amayi ambiri amakhala chete pamsonkhano wa abambo. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti aliyense ayambe walemba payekha, mapepala asonkhanitsidwe m'lichero popanda mayina, kenako munthu mmodzi awawerenge onse mokweza. Amene satha kulemba ajambule kapena anong'oneze mnzake.

Mukakhala ndi mndandanda wautali, chifunseni chinthucho mafunso ochisintha. Chitakula kwambiri chingachite chiyani, nanga chitachepa? Titachitembenuza chadodolido, titachidula pakati, kapena titaphatikiza ziwiri? Funso lomalizali ndi limene linatchukitsa mphunzitsi wa kumpoto kwa Nigeria, Mohammed Bah Abba, m'ma 1990. Iye anaika mphika wadothi mkati mwa unzake waukulupo, n'kudzaza mchenga wonyowa pakati pake ndi kuvundikira pamwamba ndi nsalu yonyowa. Madzi akamauma kudzera m'khoma la mphika wakunja amachotsa kutentha, motero ndiwo zamasamba za mkatimo zimakhala masiku ambiri osafota. Njirayi imagwira bwino kukakhala kotentha ndi kouma, monga mmene kumakhalira kuno mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yomwe tomato wa kudimba amawonongeka msanga pamsika.

Tsopano lowetsanipo mavuto enieni, chifukwa nzeru yopanda vuto loti ithetse imathera m'kope. Dulani timapepala milu iwiri. Pa mulu woyamba lembani zinthu zimene zimangotayidwa, monga zitsononkho, makoko a mtedza, matumba a feteleza, mabotolo, matayala akutha ndi mapesi. Pa wachiwiri lembani zimene zikukusautsani sabata ino, ndipo muzilembe mwachindunji: osati umphawi, koma anapiye akumira m'mbale ya madzi, mbande zikuuma masana, nkhuni zikutha msanga. Tolani pepala limodzi mbali iliyonse osayang'ana, ndipo mudzikakamize kupeza njira zitatu zolumikizira ziwirizo ngakhale zikuoneka zosagwirizana. Botolo likakumana ndi mbande zouma, mwina mufika pa kuliboola kabowo kakang'ono ndi kulikwirira pambali pa mbewu kuti madzi azidontha pang'onopang'ono. Likakumana ndi anapiye, mwina mulizondotsa m'kambale kosaya kuti madzi azitsika okha akamachepa. Mapepala ena sadzatulutsa kanthu, ndipo zikatero tolani ena.

Masiku amene simukumana, zoloweretsani maso poyenda. Tonsefe timachotsa chisoso pa zovala tikachoka kumunda, ndipo timangodandaula. Mu 1941 George de Mestral wa ku Switzerland anachotsa njere zomata zamtundu wina pa zovala zake ndi pa ubweya wa galu wake, koma iye anaziyang'anitsitsa pa makina okulitsa zinthu, n'kupeza timbedza ting'onoting'ono timene tinamupatsa nzeru yopanga Velcro, zomatira zija zili pa nsapato za ana ndi pa zikwama. Tsiku lililonse lembani chinthu chimodzi chimene chakudabwitsani kapena kukukwiyitsani, pamodzi ndi funso lakuti chimatheka bwanji.

Kuweruza kumabwera pamapeto. Sankhani ganizo limodzi limene zipangizo zake zili pafupi, limene mungalipange m'tsiku limodzi, ndipo pali munthu weniweni amene akulifuna. Pano ndichenjeze mwamphamvu, popeza dera lathu ndi la fodya: chigubu kapena botolo limene munali mankhwala ophera tizilombo lisagwiritsidwe ntchito pa madzi akumwa, chakudya kapena ziweto, ngakhale mutalitsuka kangati. Mawaya a magetsi a m'nyumba ndi asidi wa m'mabatire a galimoto si zoyesera ana.

Poyesa, nthawi zonse yerekezani ndi njira yakale. Ngati mwapanga miphika iwiri ija, gawani tomato wothyoledwa tsiku limodzi, wina mumphika ndi wina m'dengu pamthunzi womwewo, muzithirira mchenga m'mawa ndi madzulo, ndipo mulembe tsiku limene tomato wa mbali iliyonse wayamba kufewa. Kusiyana kukakhala kochepa, sinthani chinthu chimodzi chokha, kaya ndi kuchuluka kwa mchenga kapena malo opita mphepo, n'kuyesanso ndi tomato wina.